Miyezi Iwiri ya Alamu Anga aSakala

Zaka zija mafoni anali asanadzaze m'manja mwa aliyense, bodza linkayenda wapansi, ndipo kuti lichoke m'tauni lifike ku Kabushi linkafuna munthu wolinyamula m'thumba la shati. Tsono iwe Misozi, uthenga wandionetsa pa foni yakowo, woti mwezi uno kumwamba kuoneka miyezi iwiri, usauyese watsopano ayi. Ndi nkhalamba imeneyo, ndikuidziwa bwino, pakuti amene anailowetsa m'banja mwathu ulendo woyamba ndine ndemwe, agogo anu. Sendezani mipando kuno nonse, musiye kaye kukanda mafoniwo.

Nthawi imeneyo ndinkasoka pa msika wa Masala, ndipo tsiku lina kasitomala wanga wogwira ntchito mu ofesi anabwera kudzafupikitsa buluku, nandisiyira pepala lotuluka mu kompyuta. Linkati pulaneti yotchedwa Mars ikubwera pafupi ndi dziko lathu kumapeto kwa Ogasiti, idzaoneka yofiira, yaikulu ngati mwezi, ndipo palibe munthu wamoyo amene adzaionenso kachiwiri. Inu lero mumakayikira ngakhale chithunzi cha amayi anu, koma ife kalelo chinthu chotayipidwa tinkachilemekeza ngati kalata ya abambo mfumu. Ndinaliwerengera aliyense wobwera pa makina anga, wofuna ndi wosafuna yemwe, ndipo Lamlungu ndinapita nalo kwa alamu anga aSakala.

ASakala anali amuna a alongo anga aakulu, Anastazia. Anagwira ntchito pansi pa mgodi ku Kitwe mpaka kupuma, kenaka n'kudzamanga ku Kabushi, koma pa ukalamba maso awo onse awiri anachita ng'ala, moti ankandizindikira ndi mawu okha. Anali atadikira pamzere wa opaleshoni kupitirira chaka, ndipo kuchipatala anali atangowapatsa khadi la tsiku lawo. Ine ndi pakamwa panga posatsekapa, ndinawerenga pepala lija mokweza, mpaka tsiku lake, osadziwa kuti ndi tsiku lomwelo lolembedwa pa khadi.

Nditamaliza, aSakala akuti, "Ndiye kuti pamene anthu onse adzakhala akuona miyezi iwiri, ine ndidzakhala chigonere m'wodi, diso lili m'bandeji? Amake Rozi, khadi lija likabwezedwe, apatse wina."

Tinaseka, poyesa nthabwala, koma munthu uja sankaseka. Masiku anapita, iwo ali pomwepo, mpaka Lachinayi lina alongo anga anatulukira ku Masala, chitenje chili m'chiuno, n'kudzaima kutsogolo kwa makina anga. Mumawakumbukira inu agogo Anastazia ali okalamba ndi ofatsa, koma pa nthawi yawo akakuyang'ana, ulusi unkaduka wokha.

"Iwe Gabiriyele, alamu ako akuti mawa m'mawa akabweza okha khadi lija. Akataya tsiku limeneli abwerera kumchira kwa mzere, ndipo adokotala ananena kale kuti ng'alayo yakhwima. Moto unauyatsa ndiwe, ukauzimitse wekha."

Ndinachita mantha, ana inu, sindibisa. Ndinatseka makina dzuwa lili pamutu n'kupita kwa aMulenga, aphunzitsi a sayansi amene tinkaimba nawo kwaya, ndipo atawerenga pepala lija anaseka mpaka kuvula magalasi. Akuti, "Awe mukwai, zoti ikubwera pafupi n'zoona, koma pafupi pa kumwamba si pafupi pa Masala ndi Kabushi. Idzaoneka ngati nyenyezi yofiira yowala kuposa zinzake, basi. Komanso inu a kum'mawa mumadziwa kuwerenga mwezi. Umene ulipowu wakhwima kale, nanga pofika tsikulo sudzakhala utafa?" Manyazi anandigwira, ine mwana wa ku Katete, wokulira kumudzi, kulonjeza anthu miyezi iwiri pa tsiku loti ngakhale umodzi sudzakhalapo.

Ndinafika ku Kabushi cha m'ma naintini awazi, kutada kale, mwezi utangokwera pamwamba pa mtengo wa mapeyala wa aneba, ndipo ndinapeza aSakala ali pampando panja, nkhope ili kumwamba. Ndinagwada pambali pawo n'kufotokoza zonse, kuti pepala lija ndi labodza ndipo wopusa ndine. Iwo anangopukusa mutu mondimvera chisoni.

"Alamu, mphunzitsi wanuyo akabweze satifiketi. Zinthuzo zayamba kale. Ine sabata yonseyi ndakhala ndikuiona, uwo apo, winawo pambali pake, yatsamirana."

Ndinayang'ana kumwamba, mwezi umodzi. Ndinatikita m'maso, umodzi womwewo. Apo alongo anga, amene ankamvetsera ali pakhomo, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi nyali ya palafini yoyaka, n'kukaima nayo pakati pa bwalo.

"Atate ake Rozi, nyali ndanyamula zingati?"

"Ziwiri."

Anaikweza pafupi ndi nkhope yawo. "Nanga akazi muli nawo angati?"

ASakala anayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenaka akuti, "Mayo ine. Mmodzi yemwe uja anali wondikwana kale."

Tinaseka tonse atatu mpaka agalu a aneba anayamba kuuwa. Pambuyo pake kuchipatala anatiuza kuti ng'ala imatero nthawi zina, imagawa chinthu chowala kukhala ziwiri, koma madzulo amenewo sitinafune dokotala wotiuza, nyali inali itanena kale. Kuseka kutatha, alamu anga anandigwira dzanja.

"Alamu, ndikuopa mpeni. Zaka zonse zija ndinagwira ntchito mumdima, koma ndinkadziwa kuti shifiti ikatha ndikwera kumtunda. Mpeni uwu ukalakwitsa, sindidzakweranso. Ndimafuna ndione kaye chinthu chimodzi chachikulu, choti ndizikachikumbukira mumdimamo."

Mwaona tsono? Ife tinkalimbana ndi pepala, pamene nkhani inali mantha. Alongo anga anaika nyali pansi n'kunena kuti adzakhala pa benchi ya kunja kwa chipinda cha opaleshoni mpaka atuluke, ndipo ine ndinalonjeza kuti bandeji ikachoka ndidzawaonetsa ndekha Mars weniweniyo, kaya ndi wamkulu kaya ndi wamng'ono. Khadi silinabwezedwe, koma pofuna kutsimikiza, alongo anga analibisa m'chitini cha shuga, poti aSakala shuga adokotala anali atawaletsa.

Tsiku lija litafika, tinakwera minibasi mbandakucha kupita nawo kuchipatala. Madzulo ake anthu a ku Masala amene ndinawawerengera pepala anadzaza m'misewu makosi ali m'mwamba, ena atakwera pa madenga, ndipo mwezi sunatuluke ngakhale theka. Kwa chaka chathunthu dzina langa pamsika linali Bashi Miyezi Iwiri, ndiye kuti Atate ake Miyezi Iwiri, ndipo mpaka lero kuli nkhalamba zina zimene zimandipatsa moni ndi zala ziwiri.

Patapita masiku angapo diso litapola, ndinapita ku Kabushi kukakwaniritsa lonjezo. Kutangoda tinatuluka pabwalo, ndipo ndinawalozera kum'mawa, pamwamba pa mtengo wa mapeyala womwe uja, pamene panali kanyenyezi kofiira ngati khala la pa mbaula.

"Ndi kameneko?" anafunsa. "Chaka chonse cha pamzere ndikanatayira kameneko?"

"Ndi komweko, alamu. Pepani."

Koma mutu wawo unali utayamba kuyenda pang'onopang'ono, uku ndi uku, ndipo ndinawamva akuwerenga chapansipansi. Munthu uja anali atatha zaka zambiri osaona nyenyezi ngakhale imodzi, ndipo ife amene tinkaziona tsiku ndi tsiku sitinaganizeko zimenezo. Misozi inkatsika m'diso latsopano lija, alongo anga akukalipa kuti adokotala analetsa kuligwira.

"Amake Rozi," akuti, "zonsezi zinalipo nthawi yonseyi?"

Ndiye iwe Misozi, uthenga umenewo usautumize kwa munthu, uyambe wafunsa odziwa, pakuti sudziwa kuti ukafika m'nyumba ya yani, ndipo ukampeza ali ndi khadi lanji m'thumba. Koma kunja tulukani ndithu madzulo ano, magetsi akapita monga mwa chizolowezi chawo, ndipo mafoniwo muwasiye pa tebulo. Mwezi mukaupeza umodzi, ndipo mukauona umodzi, thokozani Mulungu, maso anu ali bwino.