Makina Akana Chala cha Mmisiri

Pamzere wolembetsa ziphaso, bambo wina wa imvi anatuluka mu ofesi akupukuta chala chachikulu pabuluku. Anaima pafupi ndi mayi amene anatsamira khoma podikira nthawi yake.

"Zatheka, bambo?"

"Ayi mayi, makina akana chala changa. Ndadinda kanayi konse, koma kagetsi kakungoyaka kofiira. Akuti ndiyambe ndapuma."

"Mumagwira ntchito yanji?"

"Yomanga nyumba. Zaka makumi atatu ndili pa simenti."

"Ndiye simentiyo inadya mizere ya zala zanu. Ine ndimachapira anthu zovala, sopo anandichita zomwezo. Lekani kupukuta chalacho, mukungochiumitsa. Chikhudzitseni pamphumi pali thukutapo, kenako mukachiike mofatsa. Osakanikiza ngati mukupha nsabwe."

"Ha! Inetu ndimakanikiza ngati ndikukhazika njerwa."

"N'chifukwa chake. Makina amenewa amafuna kuwanyengerera ngati apongozi."

"Nanga akakakananso?"

"Mukangowauza kuti mizere inatha, mulibe."

"Ndilibe bwanji? Ilipo, mayi! Khoma mwatsamiralo pulasitala wake ndinapaka ndine. Akaifuna mizereyo abwere ndi makina awo, adzaipeza m'menemo."