Msana Wanga ndi Chombo cha Nthiti Zachitsulo

Landirani moni wanga nonse a m'gulu lathu la achinyamata, ndi inu amayi ndi abambo amene mumawerenga zolemba zathu mwakachetechete ngakhale simuyankha. Ndine Takondwa, ndimakhala ndi amayi anga ku Lewisham, ndipo ndili kusekondale. Ambiri a inu munkandiona pampando wakumbuyo kutchalitchi nditavala juzi yaikulu ngakhale kunja kukutentha. Sikunali kuzizidwa ayi. Ndinkabisa msana wanga umene unali utapindika. Lero ndikufuna ndikuuzeni mmene Mulungu anandithandizira kudzera m'chombo chakale chimene sichiyendanso n'komwe pamadzi.

Vutoli linaoneka titakhalako pang'ono kuno, tichokereni ku Zomba. Amayi akundiyeza diresi la kwaya anaona kuti phewa lina lakwera, lina latsika, ndipo anandikalipira kuti ndiime bwino. Koma ndinali nditaima bwino kale. Kuchipatala anandijambula, kenako anandipatsa chovala cholimba cha pulasitiki chomanga kuyambira m'khwapa mpaka m'chiuno. Ndinachivala mokhulupirika, chikundisupula khungu, koma msana unkapindikirabe. Pamapeto pake dokotala anati njira yotsala ndi opaleshoni. Adzaika ndodo ziwiri zachitsulo m'mbali mwa fupa la msana n'kuzimangirira, kuti fupalo liwongoke. Anatichenjeza kuti tikachedwa kwambiri, nthiti zidzayamba kupanikiza mapapo.

Amayi anakana. Anakana mwaulemu, akumwetulira ngati mmene amachitira ndi azungu a kuntchito kwawo, koma ine ndinadziwa kuti zatha. Chifukwa chake ndinkachidziwanso. Mlongo wawo, malume Fanuel, anathyoka mwendo pangozi ya njinga yamoto kumudzi. Amayi ndi amene anawalimbikitsa pafoni kuti avomere kuikidwa chitsulo. Bala linavunda, ndipo malume anatisiya amayi asanapeze ndi mwayi wokwera ndege. Kuyambira pamenepo mawu oti chitsulo m'thupi sankatchulidwa m'nyumba mwathu. Ankangoti mwana wawo mmodzi yekhayo sangamupereke m'manja mwa anthu kuti amukhome ngati chitseko, ndipo Mulungu amene anaumba msana angathenso kuuwongola.

Tinapemphera, abale, ndipo tinasala kudya. Ena a inu munabwera kudzandisanjika manja, ndipo ndikuthokozabe. M'mawa uliwonse ndinkathamangira pagalasi la kubafa kukaona ngati mapewa alingana. Sankalingana. Masitepe a kusukulu anayamba kundithetsa mpweya, ndipo kwaya ndinaisiya chifukwa mawu ankandithera pakati pa nyimbo. M'buku langa lolembamo za tsiku ndi tsiku ndinalemba kuti mwina Mulungu amamva mapemphero a anthu owongoka okha. Ndinkaopa opaleshoni, ndinkaopanso kukhala osachitidwa, ndipo sindinkafuna kuwaliza amayi.

Tsiku lina kunabwera anti Beatrice, a ku Chipata, amene amagwira ntchito limodzi ndi amayi kunyumba yosamalira okalamba. Iwowa salephera nthabwala ngakhale pamaliro. Anandiyang'ana nati m'Chinyanja cha kwawo ku Zambia, kumene zitsulo amati vinsimbi, "Iwe Tako, bakakufaka vinsimbi mu msana uzamila mu manzi monga mwala. Na pa eyapoti uzalila monga alamu." Amayi anawaponyera diso, ine ndinaseka, koma funso linanditsalira m'mutu. Kodi chitsulo chimamira nthawi zonse?

Atapita ndinadzaza madzi musinki. Ndinaponyamo supuni, inamira. Ndinaikamo poto wathu wamkulu wachitsulo, anayandama. Ndinamulongeza anyezi ndi mbatata, anangotsikirako pang'ono koma osamira. Amayi atandipeza anafunsa ngati ndayamba misala. Nditawafotokozera, anandikumbutsa za mneneri uja anayandamitsa nkhwangwa mumtsinje, kuti chitsulo chikayandama ndiye kuti Mulungu wachita chozizwitsa. Ndinati nanga potoyu? Anati ndisachite mwano, ndichotse anyezi asanyowe.

Popeza masewera sindinkachita nawo, nthawi imeneyo ndinkakhala mulaibulale ya pasukulu. Ndinayamba kufufuza kuti ndani anayamba kukhulupirira kuti chitsulo chingayende panyanja, ndipo ndinagwera m'nkhani imene sindinaiganizirepo: zombo zamalonda zakale, zachitsulo thupi lonse, koma zopanda injini, zoyenda ndi mphepo ndi matanga basi.

Zimene ndinapeza zinandidabwitsa. Kale zombo zonse zinali zamatabwa. Koma chombo chamatabwa chikatalika kwambiri, msana wake, mtengo waukulu uja woyenda pansi kuyambira kumutu mpaka kumchira, umayamba kupindika. Pakati pamakwera, kumapeto kumagwa, ndipo madzi amayamba kulowa m'mipata. Nditawerenga zimenezo ndinadzigwira phewa. Mitengo ikuluikulu inalinso ikusowa kuno ku England, ndiye amisiri anayesa chitsulo. Anthu ambiri ankawaseka ngati anti Beatrice, ndipo amalinyero ena ankaopa kukwera. Mantha awo sanali opanda pake. Chitsulo cha chombocho chinkakoka muvi wa kampasi, n'kumaloza kolakwika, mpaka zombo zina zinakagunda miyala. Koma sanabwerere ku matabwa. Anaphunzira kuika maginito ndi mipira iwiri yachitsulo m'mbali mwa kampasi kuti muvi uzinena zoona, ndipo ankatembenuza chombo mbali zonse padoko kuti aone pamene ukunama.

Kenako kunabwera chitsulo cholimba kwambiri koma chopyapyala, ndipo zombo zinakula mpaka kukhala ndi milongoti inayi, nayonso yachitsulo. Sitima za nthunzi zinali zilipo kale, koma zinkafuna malasha ambiri paulendo wautali, pomwe mphepo sagula. N'chifukwa chake zombo za matangazi zinapitiriza kunyamula katundu wolemera wosafulumira: tirigu ndi ubweya wa nkhosa kuchokera ku Australia, ndi feteleza kuchokera ku Chile ndi Peru. Wina mwa fetelezayo anali zitosi za mbalame za m'nyanja. Ndinkawafotokozera amayi zonsezi kunyumba akusita, ndipo apa pokha mpamene anaimika ayironi. Anati azungu ankazunguliradi dziko lonse kukatenga zitosi, pomwe ife kwathu timangosesa m'khola la nkhuku?

Nditamva kuti chombo china cha nthawi imeneyo chili pafupi nafe pomwepa, ku Greenwich, ndinawachonderera amayi mpaka anavomera kundiperekeza tsiku lawo lopuma. Ndikuuzeni zoona, sindinapiteko ndi cholinga chowakopa. Ndinkangofuna kuona ndi maso anga.

Chombocho anachikweza m'mwamba, moti munthu umayenda pansi pake, mimba yake yonyezimira ngati mkuwa ili pamutu pako. M'kati tinapeza mayi wina wachizungu, wa imvi mutu wonse, amene amathandiza alendo modzipereka. Dzina lake anali Maureen. Anatifotokozera kuti chombochi sichachitsulo chonse. Chinamangidwa nthawi imene anthu anali asanapeze njira yabwino yoletsera ndere ndi nkhono kumera pachitsulo m'madzi otentha, ndiye anamanga nthiti zachitsulo m'kati, kunja n'kukhoma matabwa. Chinkanyamula tiyi kuchokera ku China, kenako ubweya. Ndinawafunsa chifukwa chake zitsulo zina zinali zopaka utoto woyera, zina wotuwa. Anasangalala ndi funsolo. Anati zoyerazo ndi nthiti zake zenizeni, zimene mchere wa m'nyanja unazidya mpaka zinalephera kudzinyamula. Zotuwazo ndi zatsopano, zimene amisiri a masiku ano anaika pambali pake. Zakalezo sanazichotse, anangozipatsa zoyedzamira.

Amayi ankamvetsera mwaulemu koma maso ali pawotchi. Kenako kamwana kena kanadutsa kakuthamanga n'kugwetsa chipewa pafupi ndi mapazi a mayi Maureen. Amayi, mwa chizolowezi cha ntchito yawo, anafulumira kuti akatole asanawerame munthu wamkulu. Koma mayi Maureen anali atatsika kale, mawondo opinda, msana uli chilili ngati mlongoti, natola chipewa n'kudzukanso bwinobwino. Amayi anaomba m'manja. Kuntchito kwawo amawaphunzitsa kunyamula zinthu motero chaka ndi chaka, ndipo palibe amene amakumbukira. Anawafunsa ngati anali nesi kapena wosamalira okalamba, chifukwa katoledwe kameneko ndi ka m'buku.

Mayi Maureen anaseka. Anati, "Ayi, mayi, ine ndinkagulitsa nsapato. Msana wanga supindika basi. Muli chitsulo kuyambira ndili msinkhu wa mwana wanuyu."

Ndinamva dzanja la amayi likundifinya mkono. Kenako mafunso anatuluka ngati madzi a pampopi. Kodi sichichita dzimbiri? Kodi chimawawa kukazizira? Bala linapola? Nanga ana munabereka? Funso lomalizali analifunsa motsitsa mawu, ndipo mpamene ndinadziwa kuti linkawadya mtima kuyambira kale osandiuza. Mayi Maureen anayankha lililonse osabisa. Anati m'masiku awo anagona miyezi atakutidwa pulasitala, ndipo zinali zowawa. Anati pali masiku amene chiuno chimawavuta mpaka pano, ndipo zingwe za nsapato amamanga atakweza mwendo pampando. Koma ana anabereka atatu, ndipo Lachiwiri lililonse amakasambira. Anayang'ana juzi yanga ndi mapewa anga. Anangogwira dzanja la amayi n'kuliika pamsana pawo.

Amayi anayendetsa zala pang'onopang'ono kuchokera pakhosi mpaka m'chiuno, ngati akuyeza nsalu. Anawauza za malume Fanuel, nkhani imene ngakhale kwa abusa sanaifotokozepo yonse. Mayi Maureen sananene kuti zimenezo sizingachitike kuno. Anati amayi awonso ankaopa chimodzimodzi, ndipo anapita kwa dokotala ndi mafunso awo onse, osasiyako ndi limodzi lomwe. Analangiza amayi kuti akachite zomwezo.

Musitima yapamtunda pobwerera amayi ankangoyang'ana pawindo. Tikuyandikira ku Lewisham anayankhula osandiyang'ana. Anati, "Ine ndimapempha Mulungu kuti andionetse chizindikiro m'maloto. Sindimadziwa kuti andionetsa mzimayi akutola chipewa." Kenako anandifunsa ngati ineyo ndikufuna. Palibe amene anali atandifunsapo. Ndinati ndikuopa, koma ndikufuna kuimbanso. Anati chabwino, koma dokotalayo akonzeke chifukwa mafunso awo ndi ambiri.

Anakafunsadi. Anafunsa za mabala ovunda, za magazi, za chitsulo chimene amagwiritsa ntchito, ndipo dokotala anawaonetsa kachidutswa kake n'kuwalola kukagwira. Sanawalonjeze kuti palibe choopsa. Anawauza zimene amachita kuti apewe, ndi zimene amachita zikavuta. Amayi anavomera, ndipo tsiku la opaleshoni anayenda pambali pa bedi langa akuimba chapansipansi mpaka pachitseko chimene sanaloledwe kudutsa.

Sindikunamizani, masiku oyamba anali owawa kwambiri, ndipo ndinalira. Koma nditaimirira koyamba, ndinapeza kuti ndikuona pamwamba pa duku la amayi. Ndinali nditatalika. Anti Beatrice atabwera kudzandizonda anatenga maginito a pafiriji yawo n'kuwayesa pamsana panga. Sanamatirire, ndipo anati awabera. Bala linapola bwino, amayi akuliyang'ana m'mawa ndi madzulo ngati apolisi. Dokotala atandilola ndinapita kukasambira, ndipo sindinamire. Za pa eyapoti sindinayesebe.

Lamulungu lapitali munandimva ndikuimba kutsogolo, wopanda juzi. Ndikuthokoza Mulungu amene sanatope nane pamene ndinkamulembera mawu oipa m'buku langa. Ndikuthokoza madokotala ndi manesi, inu nonse amene munasala nafe, ndi mayi Maureen amene tinabwerera kukawaona titawatengera mandasi. Koposa zonse ndikuthokoza amayi anga, chifukwa kuvomera kwawo kunali kovuta kuposa opaleshoni yanga.

Ndikuwerengabe za zombo zija. Zina mwa izo zitakalamba anazidula milongoti n'kuzisandutsa nkhokwe za malasha pamadoko, koma thupi lake linakana kufa, ndipo patapita zaka anthu anazikonzanso. Ndili ndi mafunso ambiri amene sindinawapezere mayankho, monga mmene anyamata ankakwerera milongoti yozizira ija chimphepo chikuwomba.

Kwa inu amene mwapemphera nthawi yaitali osaona kusintha, musaleke. Koma musatsekenso maso kudikira yankho la mtundu umodzi wokha. Ine ndinkafuna kudzuka m'mawa msana utawongoka wokha. Mulungu anasankha kusiya mafupa anga akale pamalo pake n'kuwapatsa zoyedzamira. Dzulo supuni inagwa kukhitchini, ndipo ndinatsika mawondo opinda, msana uli chilili, n'kuitola. Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati andipititsa kuntchito kwawo ndikaphunzitse anzawo. Ambuye alemekezeke.