Matabwa Anga Sanadulidwe

Moni nonse abale anga mwa Ambuye, ndi inu omwe amene mumawodzera ulaliki ukatalika, ndimakuwonani. Ndikufuna ndikuwuzeni za chikuku chimene chinalowa m'nyumba mwanga kuno ku Nthalire.

Matendawa ndimawadziwa bwino kuposa kulemba. Kale, katemera asanafike kwathu kuno, chikuku chinandilanda ana awiri. Ndiye mdzukulu wanga Tawonga atabadwa, ndinkaperekeza ndekha mayi ake kusikelo kuti akabayitse mwana, azimayi n'kumaseka kuti nkhalamba yasowa ntchito.

Chaka chino mvula ili pakati, mwana yemweyo anatentha thupi, maso psuu, totupa n'kuyambira kuseri kwa makutu. Mtima unangoti, wabweranso mdani uja. Msewu unali utaduka, galimoto osadutsa. Anzanga a pabawo anandifunsa kuti, "Nanga jakisoni wako uja wapita kuti?"

Kudenga ndinasungako matabwa a bokosi langa, aatali bwino, poti ine sindifuna kukapinda miyendo kumanda. Tsiku limenelo ndinawatsitsa, ndinamuyang'ana mwana ali gone pamphasa, n'kuyamba kuyeza ndi maso podula. Pemphero linandikanika. Ndinangoti, "Chiuta, matabwawa ndi anga, musawafupikitse."

Kutacha, mayi wazaumoyo wochokera kumwera anatulukira akukankha njinga, matope mpaka m'mawondo. Atamuwona mwana anati, "Asekuru, n'chikuku ndithu, koma tawonani, akumwa, akupuma bwino. Wobayidwa nthawi zina amadwalabe, koma thupi lake limakumbukira. Katemera analiwonetsa kale nkhope ya mdaniyu, ndiye silinadzidzimuke." Anam'patsa mankhwala oteteza maso, natiwuza kuti asayandikane ndi ana ena.

Ine sindinakhulupirire. Matabwa ndinawasiya pakhonde pomwepo, ndikudikira chifuwa chobwera ndi chikuku, chija chimene chinatenga ana anga. Ndinadikira, chakudya osalowa. Chifuwacho sichinabwere. Totupa tinafota, ndipo m'mawa wina Tawonga anandikoka ndevu akufuna nthochi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anatuma mayi uja m'matope, amenenso anapatsa thupi la mwana nzeru yokumbukira pamene ine ndimaiwala ndi ndodo yomwe. Ana anga awiri aja sadzabwerera, zimenezo zimawawabe. Koma inu musatope, pempheranibe ngakhale mawu atatsala ochepa, ndipo ana kabayitseni, oseka aseke.

Matabwa aja ndinawabwezera kudenga. Akadali aatali, akudikira mwini wake.