Kadawe Kamene Mavu Asunga ku Kalonjeka

Olemekezeka a Gulupu Kalonjeka ndi mafumu onse, Olemekezeka Bambo Mfumu a parishi yathu, a Khansala, alangizi a zankhalango, wapampando wa komiti bambo Jameson Mbewe, amayi ndi abambo: ndikupatsani moni, ndipo ndikuthokoza chifukwa chondiitana.

Mudandipempha kuti ndidzatsegule nkhalango ino, imene mwaitchinga ndi mpanda kuti musungiremo mitengo pamodzi ndi kaudzu kena kamene alangizi adakapeza muno chaka chatha. Ndiloleni ndikafotokoze kaudzuko, pakuti si nonse amene mukukadziwa.

Mukapotokola tsinde lake pakati pa zala, mumamva ngodya zitatu, ndipo ichi ndi chizindikiro cha banja la dawe. Koma abale onse sagona nyumba imodzi. Dawe amakonda m'munda molimidwa, mlulu umakonda kudambo, gumbwa amaima m'madzi; pamene kadawe ka m'thengo aka kamafuna mthunzi wa misuku ndi mombo, ndiponso masamba owolerana pansi. Mukakachotsera mthunzi kapena masambawo, kamafa.

Ndili mnyamata, ndikugwira ntchito ya zankhalango, ndinkapalasa njinga kuchokera ku Dzalanyama, kudutsa ku Namitete, mpaka ku Nambuma, ndipo paliponse pamene ndinkatsamiritsa njinga pamtengo, kadaweka kanali pamapazi anga. Mitengo ija idathera m'zigafa za fodya ndi m'mauvuni a njerwa. Zaka zapitazi ndakaona kumanda kokha, kumene nkhwangwa siifika wamba, ndi muno.

M'mawa uno bambo Jameson anandichingamira pachipata nati, "Achikulire, taonani mmene takonzera. Pansi pawala ngati pabwalo la tchalitchi, eti?" Zoonadi, pawala. Mwa mwambo wathu mlendo salandiridwa patchire, choncho dzulo mudzi wonse unalowa muno ndi makasu ndi matsache, kupala udzu ndi kutentha masamba. Ulemuwo ndaulandira ndi manja awiri. Koma m'milu ya phulusa imene mukuionayo ndi mmene muli kadawe kamene mwandiitanira.

Sindikuimba munthu mlandu. Ndazungulira nkhalango yonse, maso ali pansi, ndipo kufupi ndi chulu chakumpoto ndapeza malo osapala, kukula kwake ngati mphasa. Nditafunsa chifukwa chake, mayi Cecilia Kachingwe anati, "Pamenepo tinachita kuthawapo, bambo. Pali mavu. Apampando analumidwa khutu, khasu anakalitaya uko!" Sekani ndithu, khutulo ndaliona ndekha. Koma pansi pa chisa cha mavuwo kadawe kali chiimire, ndipo kali ndi njere.

Njerezo zikagwera pa nthaka yofunda masamba, kadzafalikiranso mvula ikubwerayi. Zikagwera pa nthaka yosesa, kadzatheratu muno, ndipo adzukulu anu azidzakaona pokhapokha pamene akuperekeza maliro. Pempho langa ndi ili: makasu ndi matsache azitsala kunja kwa mpanda, ngakhale mutamva kuti kukubwera nduna. Mavuwonso asavutitsidwe, pakuti sabata ino ndiwo okha amene alondera nkhalango.

Tsopano, mwa ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti nkhalango ya Kalonjeka yatsegulidwa, ndipo isadzasesedwenso chifukwa cha mlendo.

Zikomo kwambiri.