Chilolezo cha Mafunde

Mu ofesi yoona za madzi, patebulo la pansi pa fani yakufa, pankakhala mayi a zilolezo, amene pa zaka zonse za ntchito yawo anali asanadindepo pepala limene sanalimvetse. Lachinayi lina m'mawa munalowa injiniya ali thukuta kamukamu, mapulani ali kukhwapa, lole yonyamula makina ake ikulira panja.

"Mayi, ndikufuna chilolezo cha mafunde."

Mayi aja anatsegula kabati osamuyang'ana n'komwe. "Akukokololerani chiyani? Nyumba kapena munda?"

"Sanakokolole kanthu. Mafundewo kulibe."

"Ndiye thokozani Mulungu. Wotsatira!"

Kumbuyoko kunalibe munthu. Injiniya anakoka mpando osauzidwa.

"Simunandimve. Nyanja ija yangoti zii, ngati madzi a m'beseni. Ine ndikufuna kuikamo mafunde."

"Kuikamo."

"Eya."

"Muwatenga kuti?"

"Ndiwapanga."

Mayi aja anavula magalasi. Paofesipo anali ataonapo munthu wofuna kukumba chitsime pakati pa dziwe, koma uyu anaposa. Injiniyayo anali atayala kale mapulani patebulo, n'kupsinjiza ngodya ina ndi kapu yawo ya tiyi.

"Apa tiyala njanji pansi pa madzi. Chitsulo ichi chili ngati pulawo. Chingwe chikachikoka, chimakankha madzi, funde n'kudzuka lotalika mamita awiri."

"Sitimayo izidutsa nthawi yanji?"

"Sitima yanji?"

"Mwati njanji. Za njanji ndi chitseko chakumapeto uko."

"Palibe sitima!"

"Oho, mwati pulawo. Za ulimi ndi m'mwamba."

"Mayi, ine sindikulima!"

"Mwachita bwino. Pamadzi mzere sukhala." Anachotsa kapu yawo, pepala lija n'kudzikulunga lokha. "Nanga mafundewo ndi a chiyani?"

"Anthu azikwera."

"Kupita kuti?"

"Sapita kulikonse. Munthu amaima pathabwa, funde n'kumunyamula mpaka kumtunda."

"Akafika kumtundako?"

"Amabwerera m'madzi."

"Waiwalako chiyani?"

Injiniya anapukuta khosi ndi mpango. "Ndi masewera, mayi. Ma-se-we-ra."

"Bwato lawo limakhala litasweka liti?"

"Alibe bwato!"

Mayi aja anayamba kuwerenga ndi zala. "Munthu ali pakati pa nyanja. Bwato palibe. Wakangamira kathabwa. Kumbuyo kwake kukubwera funde la mamita awiri. Bambo, imeneyo kuno timaitcha ngozi. Fomu yake ndi yofiira."

"Koma amafuna okha! Amagwa, amaseka, amakweranso. Ena amachita kubwera pandege kuchokera kutali!"

"Iii! Kwawoko kulibe pogwera?"

Panja dalaivala wa lole analiza hutala. Injiniya anadzuka, anasuzumira pawindo, n'kukhalanso.

"Funde lanulo likafika kumtunda limaima?" anafunsa mayi aja, cholembera chili m'manja.

"Limasweka."

"Likasweka akonza ndani?"

"Silikonzedwa! Limangotha!"

"Ndiye mukupempha chilolezo cha chinthu choti mukachipanga chimasweka, chikasweka chimasowa. Oyendera ntchito akabwera ine ndiwaonetse chiyani?"

"Muwaonetsa lina. Limabwera pa mphindi ziwiri zilizonse."

"Asa! Lija lasweka, inu n'kupanganso lina losweka? Sukulu yake munaphunzira zaka zingati?"

"Zisanu ndi ziwiri."

"Makolo anu ali moyo?"

Mayi aja anatambasulanso pepala lija n'kugogoda ndi chala m'mphepete mwake, pamene panangopakidwa zobiriwira.

"Apa pali bango. Nsomba zimaswana pamenepa, mbalame nazo zisa zili mbwee. Funde lanu likamenya apa usana wonse?"

"Nsomba zizolowera."

"Zakulemberani kalata?"

"Mayi inu!" Anamenya tebulo, tiyi n'kutayikira m'mbale yake. Kenako mawu anatsika. "Tamverani. Makinawa ndawapanga zaka zinayi. Loweruka akubwera eni kampani kudzaona funde loyamba. Mlonda wa pachipata cha kunyanjako akuti popanda chidindo chanu lole silowa. Ikabwerera lero, ine ntchito yandithera."

Kachisoni kanawagwira pang'ono mayi aja, koma chisoni sichinali pa mndandanda wa mafomu. Anatulutsa mapepala anayi n'kuwandandalika ngati akugulitsa.

"Kutunga madzi. Kupatutsa madzi. Kuwoloka madzi. Kuletsa mafunde. Yanu ndi iti?"

"Palibe."

"Mwaonatu."

"Lembani yatsopano."

"Ine ndimadinda, sindilemba."

"Ndiye itanani bwana wanu."

"Ali ku msonkhano wa zakukokoloka kwa magombe. Ndiwauze kuti kwabwera wodzathandiza kukokolola?"

"Sindichoka pano!" Anapinda manja pachifuwa.

"Mpandowo ndi wa anthu onse. Mwendo umodzi ndi wothyoka, musatsamire."

Injiniya anakhalabe pompo. Mayi aja anadzithirira tiyi wina, anasanja mafayilo, anasongola pensulo, anapha ntchentche ndi fomu yofiira ija. Hutala inalira kachiwiri, kachitatu, kenako injini ya lole inazima. Apo injiniya anaweramitsa mutu, mapewa n'kugwa.

"Chabwino, mayi. Mwapambana. Ndipatseni yoletsa mafundeyo."

"Mwasintha maganizo?"

"Bola pakhale mawu oti mafunde ndi chidindo. Mlonda uja sawerenga mpaka pansi."

Analemba mothamanga, cholembera chikuboola pepala, n'kusaina. Mayi aja analilandira ndi manja awiri, anavala magalasi, n'kuwerenga mzere ndi mzere, milomo ikuyenda. Anatenga chidindo, anachinyika mu inki, anachikweza m'mwamba.

Chidindo chinaima m'malere.

"Muletsa mafunde ati? Si mwanena nokha kuti nyanjayo yangoti zii?"

Anamukankhira pepala lija pang'onopang'ono.

"Pitani mukayambe mwawapanga, bambo. Akakavuta, mubwere ndidzakudindireni."