Baji ya Kangaude ya Bambo Kobina Essuman

Amene tikuwaperekeza lerowa ndi Bambo Kobina Essuman, obadwa m'chaka cha 1940 kuno ku Sekondi, mwana woyamba wa Egya Kwamena Essuman ndi Maame Araba. Ine wowerenga ndine mng'ono wawo Ekow, telala uja wa kumsika. Abale anandipatsa pepala lolembedwa bwinobwino, koma ndawonjezeramo zanga, mundikhululukire.

Sukulu anaphunzira ku mishoni mpaka Sitandade 7. Mu 1959 analowa ntchito ya ukalaliki ku njanji, n'kupuma mu 1995. Anakwatira Mayi Esi Bentsiwa mu 1966. Kutchalitchi anaimba kwaya zaka makumi anayi, ngakhale mawu awo tonse tikudziwa mmene analili.

Bambo athu anamenya nkhondo ku Burma. Atamwalira mu 1953, bokosi lawo lachitsulo linapita kwa mwana wa mlongo wawo, msuweni wathu, monga mwa mwambo wathu, iye n'kugulitsa zonse. Chimene chinawapweteka achimwene ndi baji ya paphewa: kangaude wakuda pansalu yachikasu, mwendo umodzi Amayi atausokerera ndi ulusi wobiriwira. Poifunafuna bajiyo anadzaza nyumba ndi malamba, mabotolo a madzi, zipewa ndi jombo za asilikali akale, mpaka alamu anga ankati, "Ine ndinakwatiwa kukampu." Achimwene anasanduka katswiri wodziwa zaka za zinthuzi. Ankazula kaulusi n'kuyatsa machesi: wathonje wakale umasanduka phulusa, wamakono umasungunuka n'kuuma ngati phula. Anthu ankachokera ku Accra kudzawafunsa, ndipo sankaphonya.

Mu 1998 ndinatopa nako kuwaona, mutu uli mbuu, akufukulabe milu ya kaunjika. Ndinasoka kangaude ndekha, n'kumuviika m'tiyi kuti aoneke wakale, n'kusokerera mwendo ndi ulusi wobiriwira. Ndinanama kuti ndam'peza kwa mdzukulu wa msuweni wathu uja. Anaiyang'ana bajiyo nthawi yaitali. Machesi sanayatse. Anangoti, "Ya 1943 iyi, Ekow. Wachita bwino."

Chaka chotsatira, pa tsiku lokumbukira asilikali, ogula zinthu zakale anabwera kudzaona katundu wawo. Mmodzi anazula kaulusi pabajipo n'kukayatsa pamaso pa gulu, ndipo kanasungunuka. Anaseka nati, "Bambo, maso atha. Kangaude uyu ndi wamng'ono kwa mdzukulu wanu." Achimwene anayankha kuti, "Ndati ya 1943." Kuyambira tsikulo palibe anabweranso kudzawafunsa kanthu. Dzina limene anamanga moyo wawo wonse linathera pomwepo. Ine ndinalipo, maso pansi. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndakhala ndikudya kenke, nsima yathu ija, pakhomo pawo, pakamwa nditatseka.

Anayamba kudwala mtima mu Januwale, ndipo anatisiya pa 4 Marichi ali ndi zaka 84.

Chinthu chilichonse m'nyumbamo ankachimangirira kapepala konena chaka chake. Pokonzekera malirowa, alamu anandipatsa bajiyo. Kapepala kake kakuti: "1998. Wosoka: Ekow. Ulusi wabodza, msoko wabwino. Mudzandiike nayo." Inki yake inafwifwa kalekale. Anadziwa tsiku lomwe lija, ndipo analola kusekedwa kuti ine ndisatchedwe wachinyengo.

Choncho mumve nonse muli pano, ndi inu a ku Accra ndikukuonani kumbuyoko: Kobina Essuman sanaphonyepo chaka. Wabodza ndine. Manyazi andigwira moti ndikulephera kuyang'ana bokosili. Bajiyo ndaisokera paphewa pawo m'mawa uno, ndi ulusi wathonje.

Asiya mkazi wawo Mayi Esi, ana anayi, adzukulu khumi ndi mmodzi, mlongo wawo Adjoa, ndi mng'ono mmodzi amene sanapepese iwo ali moyo.

Achimwene, pepani. Mupumule mu mtendere.