Ndinasokera ku Ndirande pokaona mdzukulu

Omvera anzanga, ine ndine mayi wa ku Marka, ndipo chibadwire ndinali ndisanapitirirepo Nchalo. Tsiku lina mkamwini wanga anaimba foni kuti mwana wanga wamkazi wachira ku Ndirande, atalira mwana zaka zambiri. Khasu ndinalisiya m'munda momwemo.

M'mawa mwake ndinalongedza milamba youma m'dengu n'kukwera minibasi. Titadutsa Thabwa n'kuyamba kukwera mapiri, makutu anatseka, kamphepo kozizira kakulowa pawindo. Nditacheuka ndinaona Shire ali pansi ngati ulusi. Ndinakuwa kuti, "Mayo ine, tikupita kumwamba!" Anthu onse anafa nazo tseka.

Koma nditatsika ku Ndirande ndinasowa kolowera. Nyumba zinali zothinana, anthu piringupiringu, ndipo foni yanga inali itazima. Ndinaima pamsika, dengu pamutu, misozi ili chilengelenge.

Mayi wina wogulitsa tomato anandiyandikira akununkhiza. "Mama, muli tani? Milamba iyi ndi yakwathu!" Kumva Chisena pakati pa phokoso lija, ndinamukumbatira ngati m'bale wanga. Anandikhazika pabenchi pake n'kukatchajitsa foni pa okala yoyandikana.

Foni itayaka tinamuimbira mkamwini, ndipo posakhalitsa anatulukira ali wefuwefu. "Amayi, ndakusakani msika wonse!"

Kunyumba mwana wanga anandiika khanda m'manja. "Amayi, sitinamutche dzina. Timadikira inu."

Ndinayang'ana kankhope kake. Ndinangolulutira, ndipo amayi oyandikana nawo, osandidziwa n'komwe, anadzaza nyumba n'kuyamba kuvina nane.